Galu Wokwera Njinga ya a Silvino

Nkhondo itatha, a Silvino, ogulitsa matemba, anabwerera ku Zóbuè n'kupeza galu wowonda pabwinja lawo. Galuyo akangoona galu mnzake ankachita ngati wapenga.

Anthu ankati ndi wolusa, koma iwo anakana. "Amenewa ndi mantha. Wakula yekhayekha, mnzake akanamuonera kuti?"

Ndiye anayamba kumukweza m'dengu panjinga pokapikula matemba ku Moatize. Galu wina akaonekera patali, ankaima n'kumuponyera wawoyo kansomba asanayambe kuuwa. Anthu m'njira ankafa nalo phwete.

Mankhwalawo anagwira mopitirira. Galu uja anayamba kuchita kusakasaka anzake ndi maso, uku akupukusa mchira, malovu ali chuchuchu. Thumba la matemba linkafika kumsika litapepuka, ndipo amene ankalusa tsopano akaona galu wa eni anali a Silvino.