Tadikirani Panja Kaye

Usiku wathawu ndinalota ndili ku wodi ya amayi, komwe ndikuchita pulakitiko ya unamwino. Kunali masana, koma mabedi onse anali atawandandalika pabwalo la sukulu yanga ya pulayimale, pansi pa mitengo ya mango. Sizinandidabwitse.

Ndiye asisita otiyang'anira anandituma kuti ndikakoke sikirini pabedi lakumapeto. Kwa inu osadziwa, sikirini ndi chotchinga cha nsalu chomwe timazinga nacho bedi munthu akatisiya. Ife ophunzira sitiloledwa kunena kuti wamwalira. Timangouza womudikirira kuti, "Tadikirani panja kaye." Tsiku loyamba kunena mawu amenewa ndinakabisala kuchimbudzi, n'kulira mpaka maso kutupa. Dzulo ndinawanena kawiri, kenako ndinakadya tchipisi changa mpaka kunyambita zala, asisita n'kundiyamikira kuti ndakula.

M'malotomo ndinakoka sikirini ija, matayala ake akulira ngati wilibala. Kenako ndinagwira dzanja la wodwalayo kuti ndimve kugunda kwa mtima. Zii. Pachala chachikulu panali chipsera cha mbaula, chimodzimodzi changa. Kuyang'ana nkhope, ndinali ine ndemwe, nditavala yunifolomu, kawotchi kakulendewera pachifuwa. Ndinamutseka maso bwinobwino monga anatiphunzitsira. Sindinamve kanthu, ngakhale mantha.

Kenako ndinatembenuka. Wodikirira wake anali amayi anga, atakhala pamkeka ndi fulasiki ya phala, atamanga chitenje chija anandiperekezera nacho ku koleji.

"Anamwino, mwana wangayo ali bwanji?" anafunsa. Sanandizindikire.

Ndinafuna kunena kuti amayi, ndine. Koma m'kamwa munatuluka mawu osalala, aulemu: "Tadikirani panja kaye, mayi."

Anapinda mkeka wawo n'kunena zikomo. Ndiye asisita anandisisita paphewa, amvekere, "Mwakhoza."

Ndinadzidzimuka mnzanga wogona naye chipinda akusokosa ndi ndowa kuti madzi abwera pampopi. Pilo wanga anali wouma.

Anzanga, makamaka inu munadutsamo kale muntchitoyi, tandimasulireni. Zoti kulota maliro ndi ukwati musandiuze, chibwenzi chomwe ndilibe. Kodi uku ndiye kukula akunena asisitaku, kapena alipo anamwaliradi pabedi lija ine osadziwa? Kuyambira m'mawa foni ili m'manja kuti ndiwaimbire amayi, koma ndikuopa mawu amene anditulukire m'kamwa.