Nyengo Imene Tinkanenepetsa Achemwali

Fungo la mtedza wokazinga likandipeza pamsewu, mpaka lero limandibweza m'kanyumba kathu ka ku Old Town, kuseri kwa mashopu a nsalu, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Inali nyengo ya mapeyala. Mvula inali kumapeto, makoma akununkha chinyezi, ndipo amayi ankasinja chiponde m'mawa uliwonse asanavundukule makina awo osokera. Chipondecho sichinali cha tonse. Chinali cha achemwali anga a Mariamu, a zaka makumi awiri ndi ziwiri, oonda ngati bango, amene anali atatomeredwa ndi a Yusufu, ogulitsa maloko ndi misomali mu Msika wa Lilongwe.

Achemwali anabadwa ndi vuto limene kwathu silinkatchulidwa. Bere lawo lakumanzere silinamere konse. Amayi, poti anali telala, ankawasokera kapilo ka thonje koika m'kamisolo, ndipo kapiloko kakachapidwa kankayanikidwa kuchipinda, osati pachingwe panja. Ine ndinkadziwa chifukwa tinkagona chipinda chimodzi, ndipo anachita kundilumbiritsa kuti ndisauze munthu.

Ukwati utayandikira, amayi anamva za dokotala wina wa kumayadi, kupitirira Area 15, amene ankapopa mafuta pamimba pa munthu n'kuwabaya pachifuwa ndi jakisoni kuti pafufume. Dokotalayo atawatsina achemwali pamimba anapukusa mutu. Panalibe choti n'kupopa. Anawauza kuti akanenepe kaye.

Basi m'nyumba mwathu munayamba phwando la munthu mmodzi. Peyala wothira shuga, mandasi otentha oviika m'chiponde, mpunga wa nazi wophikira mkaka wa kokonati, tiyi wamkaka wochita kulemera. Ine nsanje inkandipha. Ndinkakhala pakhomo la khitchini maso ali pa mbale yawo, ndikudabwa kuti munthu angalire bwanji akudya zonona chonchi. Pakuti ankalira ndithu, mseru utawagwira, amayi ataima pambali. "Meza, mwanangu, ndi mankhwala amenewa," ankatero. Amayi akatembenuka, achemwali ankandipatsirako supuni imodzi mwachangu.

Ananenepadi. Masaya anatuluka, madiresi anayamba kuthina, kamimba kanaonekera. Amayi anasangalala, osaganizira kuti pampopi pamene tinkatunga madzi ndi anansi panali maso. Mtsikana wosakwatiwa akunenepa, akumva mseru, akukwera minibasi ndi amayi ake kupita kuchipatala chakutali osanena chimene akudwala. Tsiku lina mayi wa nyumba yoyandikana nafe anaseka n'kunena kuti, "Mayi telala, tiyambe kusoka matewera kodi?" Amayi anangonyamula ndowa n'kubwerera kunyumba.

Tsiku la opaleshoni litadutsa, achemwali anabwera pa takisi, akuyenda chowerama, pamimba atawamanga bandeji yothina. Patapita masabata angapo anatuluka panja, kamimba kaja kulibe. Nkhani inafika kumsika isanafike kwa ife: mwana wa telala wachotsa mimba.

Azakhali awo a Yusufu anabwera masana ena dzuwa likuswa mtengo. Anakhala pamkeka, tiyi anamukana. "Tiuzeni zoona, mwanayu anakatani kuchipatala?" anafunsa. Amayi analowa kuchipinda, ine ndili pambuyo pawo. Achemwali anali chogona, atayang'ana kukhoma.

"Ndilole ndiwauze, Mariamu. Alowe adzaone okha."

"Ayi amayi. Akaona iwowa, mawa msika wonse uzindiyang'ana pachifuwa. Asiyeni anene zimene akunenazo."

Amayi anatuluka n'kukayankha kuti zinali za m'mimba chabe. Azakhali aja anavala nsapato zawo n'kumapita. Chitomero chinathera pomwepo, ndipo a Yusufu sanapondenso pakhomo pathu ngakhale kudzafunsa okha. Zimenezo zimandipwetekabe.

Dokotala anali atanena kale kuti mafuta ena amasungunuka m'thupi, ndiye pamafunika kubwereza kawiri kapena katatu. Pofika nthawi yozizira, theka la zimene anawabaya linali litaphwa. Achemwali anakana kubwererako. M'mawa wina ndinapeza amayi akusoka kapilo kena, kocheperako pang'ono kuposa kakale, misozi ikugwera pa thonje. Mtondo wa chiponde unabwerera kuseri kwa chitseko.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti achemwali anali opusa. Mawu ochepa chabe akanabweza ukwati wawo, ndipo ine amene ndinkawadziwa mawuwo ndinkachita kuluma lilime. Lero ndine mayi, ndipo ndikudziwa kuti anayeza manyazi awiri n'kusankha amene akanatha kunyamula. Bodza lija linali la anthu, linkawapweteka koma silinali lawo. Chinacho, cha pachifuwa chija, anali atachibisa okha ndi amayi kuyambira ali namwali, ndipo sakanatha kuchiyala pamkeka pamaso pa mlendo. Mpaka lero achemwali amasoka pa makina a amayi ku Old Town komweko. Ndikapita kukawaona ndimawatengera nthochi kapena malalanje, mapeyala ndimawasiya kumsika.