Mabuku a Atate ndi a Ba Mubita

Mabuku akale a pa msika wa Maramba ankanunkha fumbi ndi kapenta, chifukwa wogulitsayo ankawayala pa saka pafupi ndi amayi a nsomba. Fungo limenelo linalowa m'nyumba mwathu chilimwe chimene fakitale ya nsalu kumene atate ankagwira ntchito inatsekedwa, ine ndili ndi zaka khumi. Atate anasiya kulawira. A Mubita, anzawo a kuntchito amene tinkayandikana nawo nyumba, nawonso anatsala pakhomo. Tonse tinkawaitana kuti Ba Mubita.

Awiriwo anayamba kuwerenga nkhani zachingerezi, zija zazitali zosathera m'buku limodzi. Ya atate inali ya mafumu olimbirana mpando ndi zinjoka zamapiko zolavula moto. Mabuku ake anali atafika asanu ndi atatu, wolemba asanamalizebe. Ya Ba Mubita inali ya mtsikana wonyamula lupanga la bambo ake, ndipo inathera pa buku lachinayi.

Masana ankakhala pansi pa mtengo wa mango atavula malaya, ntchentche zikuzungulira zipatso zakugwa. Mawu awo ankamveka mpaka pa mpopi. Ba Mubita ankati wolemba wa atate anasochera, buku lachisanu lonse anthu akungoyenda m'chipululu osafika. Atate ankati mtsikana uja sanalakwitsepo kanthu, choncho sanali munthu.

"Ba Phiri, nkhani yamene siisila ni boza," anatero Ba Mubita tsiku lina, kunena nkhani ya atate yosathayo.

"Yanu inasila chifukwa munalibe vambiri mukati," anayankha atate.

Kenako anasinthana mabukuwo kuti aliyense asake zolakwa za mnzake, ndipo ankazilemba ndi pensulo m'mphepete mwa masamba.

Mvula isanagwe, Ba Mubita anatopa ndi kufuna ntchito, nabwerera kwawo ku Mongu ndi banja lonse. Atate anawathandiza kukweza mipando pa lole. Buku lachisanu ndi chinayi la nkhani ya zinjoka ija litapezeka pa msika, amayi anawagulira atate. Atate anawerenga masamba ochepa, nalisiya pa windo mpaka chikuto chake chinapindika ndi dzuwa.

Ine ndinaganiza kuti atate agonja, avomereza kuti nkhani yawo inali yosakoma. Nditakula ndinaliwerenga buku lija, ndipo ndi lokoma kuposa ena onse. Kungoti pa nthawiyo atate analibenso munthu woti awatsutse.