Zitsulo za Padenga la Mayi Eufrosina

Mayi Eufrosina Xolalpa anabadwira ku Tláhuac, kumene nyumba zimatitimira pang'onopang'ono chifukwa kale ponsepo panali nyanja. Moyo wawo wonse akhala akugulitsa matamale, chakudya cha ufa wa chimanga chophikidwa ndi nthunzi m'makoko a chimanga, pakhomo la msika, ndipo ana awo anakula ndi nthunzi ya mphika umenewo. Malemu amuna awo, a Melitón, pomanga nyumba anasiya zitsulo zitatuluka pamwamba pa denga, mbali ya kumsewu, nazivundikira ndi mabotolo kuti zisachite dzimbiri. Aliyense kumeneko amatero. Zitsulozo zimadikira tsiku limene banja lidzasanjike chipinda china.

Tsikulo linafika mwana wawo Marisela atakhala ndi pakati. Mwamuna wake, Fermín, ananenetsa kuti sangalerere khanda pabalaza pa apongozi. Chipinda chikapanda kupezeka, asamukira kwawo ku Veracruz.

"Alamu, chovuta n'chiyani?" anafunsa a Crescencio, mng'ono wa malemu, amene anali mmisiri womanga. "Zitsulo zilipo. Njerwa, simenti, basi. Mukuopa kuti nyumba ikuthawani?"

"Ya aneba athu a Petra sinathawe? Anasanjika, lero yatsamira ya anzawo ngati inu mukamwa Loweruka," anayankha Mayi Eufrosina.

Panali mayi wina, Itzel Barragán, injiniya wa za nthaka, amene ankagula matamale m'mawa uliwonse. Mayi Eufrosina anachita manyazi masiku angapo, kenako anamufotokozera za chipindacho. Itzel anabwera ndi anzake, anaboola pabwalo, natulutsa dongo lotuwa, lofewa ngati sopo wogonera m'madzi. Kachidutswa kake anakakaika m'mphete yachitsulo kuntchito kwake, n'kumakasanjikiza zolemera, kuyeza mmene kankaphwerera tsiku ndi tsiku. Ankati dongo silifulumizidwa. Koma mimba ya Marisela sinkadikira.

"Dongo lanuli ndi madzi okhaokha, Mayi," anatero Itzel atabweranso. "Mukalisenzetsa katundu, madziwo amatuluka pang'onopang'ono, kwa zaka, nyumba n'kumatsika. Mukamanga ndi njerwa pazitsulopo, ndikuyerekeza kuti mbali imeneyo itsika ngati chikhatho changachi, mwina kuposa. Ndipo ndi mbali yomwe yapendekeka kale."

Mayi Eufrosina anakweza maso kuyang'ana kudenga. Zaka zonsezi ndiwo ankakwera padenga kukasintha mabotolo akasweka.

"Ndiye a Melitón analakwitsa?"

"Anaika pamene aliyense amaika, kuti zenera liyang'ane msewu. Koma kumbuyoko nyumba sinatsike kwambiri. Chipinda chopepuka, cha matabwa ndi malata, dongo lichipirira. Chitsikako pang'ono, mwinanso nyumba n'kuwongokako."

"Matabwa!" anakuwa a Crescencio. "Mdzukulu wa achimwene agone m'khola la nkhunda?"

"Bola nkhunda zimagona mowongoka," anayankha Mayi Eufrosina. "Alamu, zitsulozo zisiyeni, ndiziyanikapo zovala. Kakonzeni sowo."

Madzulo ake Mayi Eufrosina anaitana Fermín padenga, namusonyeza mbali ya kumbuyo, yoyang'ana minda ya masamba ndi ngalande. Fermín anapita kumbaliko. Anayenda uku ndi uku, natambasula manja kuyeza pokhala bedi.

"Masitepe akhale kunja, amayi," anatero pomaliza.

"Kunja ndithu. Nsapato zakozo zimamveka ngati bulu."

Fermín anaseka, naweramira pabwalo pamene mkazi wake ankatsuka makoko a chimanga.

"Marisela! Bwera udzasankhe pokhala zenera. Koma uzikwera pang'onopang'ono!"