Masewero athu ankatha bambo asanaweruke

Mkombero wachitsulo umene tinkaponyamo mpira pa koleji yathu anauwotcherera ndi bambo anga, pa galaja ina ku Biwi pomwe ankagwira ntchito. Koleji yake inali yaing'ono, ya ku Area 23, yophunzitsa kutaipa ndi zowerengera. Bwalo la basiketibolo linali ladothi, mizere tinkalemba ndi phulusa. Atsikana osewera tinalipo ochepa moti mmodzi akadwala chimfine timu yonse inkayetsemula. Ukaputeni anandipatsa ine, osati chifukwa cha luso ayi, koma pakamwa.

Chimene chinkandiwawa n'chakuti bambo anali asanandionepo ndikusewera. Mpikisano wa makoleji unkayamba Loweruka, tsiku limene iwo ankaweruka masana. Okonza mpikisanowo anali ndi kachitidwe kawo: matimu akuluakulu ankawatalikitsa kuti asakumane msanga, ndipo timu yoopsa koposa ankaipatsa timu yofooka koposa, m'mawa weniweni. Yofookayo tinali ife, ndipo ukagonja kamodzi watuluka. Bambo ankatsika minibasi ali mu ovolosi yawo, girisi ali m'zikhadabo, n'kutipeza titavula kale majezi, tikudya mizimbe pansi pa mtengo.

"Mwasewera bwanji, amayi?" ankandifunsa choncho, poti dzina langa ndi la agogo owabereka.

"Bwino, ababa. Kungoti mwachedwa."

Iwo ankaseka, koma ine zinkandiwawa mpaka kukafika kunyumba ku Kawale.

Chaka changa chomaliza, kochi wathu, mphunzitsi wa kutaipa wofatsa kwambiri, ananditenga kumsonkhano wokonza mpikisano ku Area 18. Anandichenjeza panjira kuti ndikangomvera. Koma ine ndine wamtima wapachala. Wapampando atangowerenga kuti tiyambanso ndi timu yoopsa yomwe ija, ndinapezeka ndaimirira.

"Pepani akuluakulu, ife tinalakwanji? Chaka chilichonse ndife kadzutsa wa anthu omwewa!"

Wapampando anafotokoza modekha kuti amatengera zotsatira za chaka chatha, komanso kuti anthu amafuna kuona matimu abwino pa fainolo. Kunena zoona, mfundo yawo inali yomveka. Yanganso inali yomveka.

"Nanga zotsatira zabwinozo tizitenga kuti, bwana, pomwe mumatitulutsa dzuwa lisanatenthe?"

Kochi anandikoka siketi kuti ndikhale. Koma anzathu a timu ya ku Chinsapo, odyedwa m'mawa ngati ife, anawomba m'manja, a ku Area 25 nawonso n'kulowerera. Wapampando anayang'ana uku ndi uku, kenako anavula chipewa chawo n'kuchitembenuza patebulo.

"Chabwino, achemwali. Chaka chino tichita maere, aliyense alowa m'chipewa."

Anatola zitsekerero za mabotolo pa golosale yapafupi n'kulemba manambala m'kati, nambala iliyonse kawiri. Otola nambala yofanana ndiwo azisewera, ndipo masewero azitsatana monga mwa manambalawo. Poti wodandaula ndinali ine, anati ndiyambe ndine. Ndinapisa dzanja ndikumwetulira, n'kutola changa. Anzathu anatola, anatola. Pomaliza kaputeni wa timu yoopsa ija, mtsikana wotalika ngati mlongoti, anakweza chake m'mwamba. Nambala yake inali yanga yomwe.

M'chipindamo anthu anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Walira mvula walira matope," anandinong'oneza kochi.

Ndinatuluka ndikulikalipira dzanja langa. Tili mu minibasi, kochi anandilanda chitsekerero chija, n'kuchiyang'ana, n'kuyamba kuseka okha.

"Mwana iwe, waiona bwino nambalayi? Ndi yomalizatu. Tisewera masana."

Loweruka lija zinthu zinatembenuka. Matimu awiri akuluakulu anakumana m'mawa, ndipo imodzi inatuluka anthu asanadzaze bwalo. Osewera ake anakakhala pansi pa mtengo wathu uja, nkhope zili ndwii. Ndinawapititsira mizimbe ndi manja awiri, n'kuwauza kuti pamenepo mthunzi wake ndi wabwino, ife timaudziwa. Atsikana a ku Chinsapo anapambana masewero awo koyamba, ndipo anavina mpaka fumbi kobo.

Ife tinalowa m'bwalo dzuwa litapendeka. Ndikumanga zingwe za nsapato ndinaona ovolosi yabuluu ikudutsa pakati pa anthu. Kenako chikwapu chinayamba. Anthu aja ankapatsirana mpira pamwamba pa mitu yathu, ife tikungothamanga uku ndi uku ngati nkhuku zothawa mvula. Zigoli zawo ndinasiya kuwerenga. Nthawi itatsala pang'ono kutha, mpira unandipeza ndili kutali, mlongoti uja akundithamangira. Ndinangouponya ndi mkwiyo, osayeza n'komwe. Unazungulira pamkombero, unazunguliranso, n'kulowa.

Oyimbira anaimba wezulo kuti masewero aime, chifukwa m'bwalo munalowa munthu wa ovolosi, manja ali m'mwamba.

"Mwana wanga ameneyo! Mwamuona? Mwana wanga!"

Anachita kuwatulutsa mowagwira dzanja, iwo akupepesa uku akuvina. Sindinachite manyazi ngakhale pang'ono. Ndinasangalala mpaka misozi.

Chaka chotsatira ndinamva kuti okonza mpikisano anabwerera ku kachitidwe kawo kakale, ati maere anawonongetsa fainolo. Mwina n'zoona. Ine chimene ndimakumbukira ndi ulendo wobwerera ku Kawale, titapanikizana pampando wakumbuyo, bambo akununkha girisi, ine thukuta.

"Komatu atikwapula, ababa," ndinatero.

"Zimenezo sindinazione, amayi," anayankha. "Ine ndaona mpira ukulowa."