Lamba wa Kathirakitala ndi Manyazi Anga pa Chinkhoswe

Maulendo atatu, mabasi khumi ndi awiri, chifukwa cha lamba mmodzi. Abale a pagulu lathu la imelo, mundimve. Pali shopu ina yogulitsa zipangizo za makina a m'munda, njira yopita ku Walsall. Dzina sinditchula, koma yandionetsa zakuda.

Kutchalitchi kwathu ku Handsworth kuli bwalo la kapinga, ndipo tili ndi kathirakitala kotchetchera udzu, kaja kochita kukwera. Mwezi watha lamba woyendetsa mipeni yake anaduka. Loweruka lapitali pabwalo pomwepo pamayenera kuchitikira chinkhoswe cha Chisomo, mwana wa mlongo wanga. Malume ake ndine. Udzu unali wofika m'mawondo. Akuluakulu a mpingo anati tiitane mmisiri. Ine amene, ndi pakamwa pangapa, ndinati, "Mmisiri wa chiyani? Ine ku Mchinji ndinkakonza chigayo." Zoona zake n'zakuti ndinkapereka masipanala, wokonza anali wina.

Lolemba ndinamasula deki, chitsulo chapansi chija chosunga mipeni, n'kubwera nacho kunyumba. Kuseri kwathu n'kochepa ngati mphasa ziwiri, ndiye ndinachigoneka pakhomo la kukhitchini. Akazi anga, Mayi a Tadala, pobwera ku shifiti yawo ya unesi anangochilumpha n'kupitirira. Amene muli pabanja mukudziwa tanthauzo lake.

Lachiwiri, 10:20 m'mawa, ndafika pashopu, lamba wodukayo ali m'jumbo. Mkulu wapakauntala ali pafoni, nkhani za mpira. Ndinaima mphindi makumi anayi. Atamaliza anandifunsa nambala ya makina. Ndinati inafufutika, koma lamba wakale ndi uyu, angoyeza. Sanamukhudze n'komwe. Anangomuyang'ana ndi diso limodzi, akuti malamba onsewa n'chimodzimodzi. Chimodzimodzi? Nanga pakhoma munapachika makumi asanu kuti akongoletse shopu?

Ndinagulanso mipeni iwiri yatsopano, n'kufunsa kuti mbali yoyang'ana pansi ndi iti. Anaseka. Akuti ngakhale mwana sangalakwitse.

Kunyumba lamba amene anandigulitsa uja anali wamtali moti bwenzi nditamangira mbuzi.

Lachitatu ndinabwerera, galimoto ili kuchipatala ndi mwini wake, Mayi a Tadala, ine pabasi ngati dzulo lake. Pachitseko anamata kapepala: abwera pakatha mphindi khumi. Ndinakhala ola limodzi ndi mphindi khumi ndi zisanu, mvula ikundiwaza. Atafika anati lambayo sangamulandire chifukwa wada ndi girisi. Ndimuyeze bwanji osamuveka pamakina? Ndi maso, ngati inu? Tinakangana mpaka anavomera kuoda wina, akuti afika Lachisanu.

Lachisanu, 2 koloko masana. Palibe amene anaoda. Akuti mwina mnzake anaiwala. Mnzake uti, poti m'shopumo ali yekha? Ndinamutsamira pakauntala n'kumuuza kuti sindichoka. Apo m'pamene anatenga tepi, n'kuyeza lamba wakale uja, n'kutembenuka. Lamba woyenera anali pamsomali kumbuyo kwa mutu wake. Sabata yonse.

Madzulo ake ndinamanga zonse. Lamba analowa bwinobwino, mipeni ndinaimanga mpaka dzanja linachita matuza. Mayi a Tadala anasuzumira pawindo.

"Bambo a Tadala, mwaonetsetsa?"

"Mayi, za jakisoni ndi zanu. Za zitsulo musiyire ine."

Loweruka 9 koloko ndili pabwalo, deki ndabwezera. Ndinaliza makina, n'kukhala pampando ngati bwana wa esiteti. Ndinazungulira kamodzi. Poyang'ana kumbuyo, udzu wangogona. Ndikapitirira, ukudzuka. Kachiwiri, chimodzimodzi. Kachisanu, thukuta lili kamukamu, amayi ophika aima pakhomo la holo, manja m'chiuno. Maola awiri ndinakhala ndikupesa udzu.

Cha m'ma 11 koloko minibasi ya akuchimuna inafika kuchokera ku Stoke. Anatsika a Banda, malume a mnyamatayo, munthu amene masana omwewo ndimayenera kukhala naye maso ndi maso, ine ndikumuuza kuti mwana wathu akuchokera kubanja la anthu olongosoka. Anali mu suti yotuwa. Anandipatsa moni mwaulemu, n'kumvetsera kulira kwa makinawo.

"Achimwene, tazimitsani pang'ono."

Anavula jekete, n'kuyala katoni, n'kugona chagada. Sipanathe ngakhale mphindi imodzi.

"Mipeni mwaimanga chozondoka. Kukuthwa kwayang'ana kumbuyo. Muli ndi sipanala?"

Ndinawapatsa sipanala. Pofika 12:30 bwalo linali mbee, wotchetcha ali mlendo, malaya oyera atathimbirira. Mwambo unayenda bwino, Chisomo anasangalala. Koma nthawi yolangiza ana itakwana, a Banda anati m'banja munthu akalephera chinthu azifunsa msanga. Sanandiyang'ane. Anthu ena onse anandiyang'ana.

Lolemba ndinaimbira foni kushopu kuja, mtima uli phuliphuli. Ndinati anandinamiza kuti palibe angalakwitse. Iye anandifunsa modekha ngati ndinawerenga zolembedwa pampeni, akuti mbali yoyang'ana kuudzu anaidinda ndi zilembo zikuluzikulu. Ndinadula foni. Ndinapita kutchalitchi kukasuzumira pansi pa makina. Zilipodi.

Chabwino, pamipeni mlandu ndi wanga, ndavomera. Koma mkuluyo andiyankhe: kuyeza lamba tsiku loyamba kukanamudula dzanja? Mphindi khumi za pachitseko chake amaziwerenga ndi wotchi ya dziko liti? Kasitomala akafunsa funso, ngakhale lopusa, kuseka ndiye yankho?

Amene mukufuna zipangizo, kumeneko musapiteko. Ndipo mukadzandimva pamsonkhano wa mpingo ndikunena kuti "zimenezo ndikonza ndekha," chonde wina ayambitse nyimbo msanga.