GPS ya achimwene yatigwiritsa fuwa lamoto kumunda

Mwaswera bwanji nonse. Ndangotsika kumene kumunda wa mbatatesi wa malemu bambo kuphiri ku Biriwiri, ndipo mtima sukukhazikika.

Oyandikana nafe munda aja azulanso khonje wa m'malire. Ndiye lero ndinakweza azakhali pa njinga yamoto, poti ndi okhawo otsala odziwa pomwe munda umathera. Ndimati iwo aziloza ngodya, ine ndizisunga mu GPS ija munatumiza kuchokera ku Joni, achimwene aJemusi.

Achimwene, ija ndi ya m'galimoto. Titaima pakati pa mizere, kamayi ka m'katimo kanayamba kutilamula m'Chingerezi kuti tikhote kumanja, tilowe mumsewu waukulu. Nditawamasulirira, azakhali anati ndikauze kuti kumanjako kuli phompho. Tisanafike ndi pa ngodya yoyamba pomwe, batire linatha.

Alangizi a zaulimi akuti tipeze ya m'manja, yoyendera mabatire a tochi, yosunga malo enieni pomwe waima. Foni akuti imaphonya ndi mamita angapo, pomwe ife tikulimbirana mizere itatu yokha.

Tigule yathu, kapena tidikire ya alangiziwo, yomwe ipezeka mwezi wamawa? Ndiyankheni lero lomwe. Azakhali miyendo yatupa, ndipo andiuza kuti phiri limenelo akweranso kamodzi kokha.